Mfuti ya M'manja ya .22 Yowombera Chandamale: Yankho kwa M'bale wa ku America

Owerenga wina amene akukhala ku America wanditumizira kalata pa imelo. Akuti walowa kalabu ya masewera owombera chandamale, ali ndi madola pafupifupi 500, ndipo akufuna mfuti ya m'manja ya zipolopolo zing'onozing'ono za .22 LR (Long Rifle) yomwe siivutavuta komanso yosakwera mtengo.

Achimwene, mwayamba bwino posankha .22 LR. Zipolopolo zimenezi, zomwe zinayamba kupangidwa mu 1887, ndi zotsika mtengo ndipo mfuti yake sikankha dzanja mwamphamvu, choncho munthu amaphunzira kulunjika popanda mantha. Koma musanatulutse ndalama, funsani wogulitsa wovomerezeka za malamulo a dera lanu, chifukwa amasiyana m'madera a dzikolo, ndipo munthu amene ali kumeneko pa viza ya kanthawi amaletsedwa kukhala ndi mfuti kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulo limatchula.

Langizo langa ndi lakuti mugule mfuti yachitsulo, yolemera pang'ono, yomwe zoyang'anira zake (tizizindikiro ta pamwamba pa mfuti timene mumayang'anirapo polunjika) zinakhazikika pa mpope kapena pa thupi la mfuti, osati pa mbali imene imabwerera m'mbuyo mukawomba. Kulemerako kumachepetsa kunjenjemera kwa dzanja, ndipo zoyang'anira zikakhala zosasuntha, chipolopolo chilichonse chimatuluka mfuti italunjika chimodzimodzi. Mitundu itatu imakwaniritsa zimenezi pa mtengo woyandikira ndalama zanu: Ruger Mark IV, Browning Buck Mark ndi Smith & Wesson SW22 Victory.

Pa zitatuzi ine ndimakonda Ruger Mark IV Target ya mpope wonenepa wa mainchesi 5.5. Kapangidwe kake kanayambira pa mfuti yoyamba ya kampaniyi ya mu 1949, koma mitundu yakaleyo inkatopetsa anthu poilumikiza akamaliza kuitsuka. Mark IV, yomwe inatuluka mu 2016, imamasuka mukangodina batani limodzi la kumbuyo. Mwina mukuona ngati ndi nkhani yaing'ono, koma .22 imadetsa mfuti kwambiri ndi mwaye wa onga, phula ndi mtovu, ndipo mfuti yovuta kumasula mwini wake amazengereza kuitsuka mpaka iyambe kukanirira. Buck Mark, yomwe ili pa msika kuyambira 1985, ambiri amaiyamikira chifukwa trigger yake (kachitsulo kokoka ndi chala powomba) imakhala yofewa bwino ikadali yatsopano, ngakhale kuti poitsuka mokwanira pamafunika kumasula zomangira za pamwamba. SW22 Victory imamasuka ndi chomangira chimodzi, ndipo nthawi zambiri ndi yotsikirako mtengo. Taurus TX22 ndi yotchipa kuposa zonsezi ndipo magazini yake imalowa zipolopolo 16, koma ndi yopepuka ndipo zoyang'anira zake zimayenda pamodzi ndi slide, mbali ija imene imabwerera m'mbuyo mukawomba, motero sindingaiike patsogolo kwa munthu wofuna kuunjika zipolopolo pakati pa chandamale pa mamita 25.

Chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi: kudalirika kwa mfuti ya rimfire (mtundu wa zipolopolo zoyaka pomenyedwa pa mkombero, monga .22 LR) kumachokera ku zipolopolo kuposa dzina lolembedwa pa mfutiyo. Mankhwala oyatsa onga amapakidwa mkati mwa mkombero wa kunsi kwa chipolopolo, ndipo kamsomali ka mfuti kamamenya mkomberowo. Mu zipolopolo zotchipa zogulitsidwa zambirimbiri m'bokosi limodzi, mankhwalawo nthawi zina safika mbali zonse, ndiye mfuti imalephera kulira ngakhale ilibe vuto lililonse. Zikatero, isiyeni italoza ku chandamale kwa masekondi 30 musanatulutse chipolopolocho. Gulani timabokosi ta zipolopolo 50 ta mitundu ingapo, monga CCI Standard Velocity, SK ndi Eley, muwombe mfuti itatsamira pa chinthu cholimba, muone mtundu umene ukugwirizana nayo. Mfuti ziwiri zofanana zimatha kukonda zipolopolo zosiyana. Pa chifukwa chimenechi musathere ndalama zonse pa mfuti yokha. Siyaniko zogulira zipolopolo, magazini ina yapadera, zoteteza makutu ndi magalasi a maso.

Musazolowere kuikoka trigger mulibe chipolopolo pokhapokha buku la mfutiyo litalola, chifukwa pa mfuti zina za rimfire kamsomali kaja kamamenya chitsulo cha pakhomo pa mpope n'kuchiwononga. Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, yang'anani malo amenewo kuti muone ngati ali ndi chipsera.

Ku kalabu kwanu pemphani anzanu akubwerekeni mitundu itatu ija muwomberepo, pakuti chogwirira cha Mark IV Target n'chopendekera kuposa cha Buck Mark, ndipo dzanja lanu ndi limene lingakuuzeni chomwe chikukhala bwino. Mukafika nayo kunyumba, muziitsekera m'bokosi lachitsulo ilibe chipolopolo, zipolopolozo muzizisunga kwina, ndipo muzisamba m'manja ndi sopo mukachoka kowombera musanagwire chakudya, chifukwa cha mtovu.