Kodi mlatho wamphako m'kati ungakhalitse?

FUNSO: Ndine dalaivala wa thiraki ndipo ndawoloka kangapo mlatho wa Kazungula, pamtsinje wa Zambezi pakati pa Zambia ndi Botswana. Mnzanga wina akuti pansi pa msewu umene timapondapowo m'kati mwake ndi mwamphako. Kodi n'zoona, nanga mlatho wotere ungakhalitse? Dalaivala, Chipata.

YANKHO: Mnzanuyo sanakunamizeni, bambo. Mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu May 2021 ndipo ndi wotalika mamita 923, uli ndi msana wa konkire woumbidwa ngati bokosi lalitali, ndipo denga la bokosilo ndiye msewu. Mphakoyo imaupeputsa komanso imauthandiza kuti usapotoke katundu akalemera mbali imodzi, monga momwe nsungwi imavutira kuipotokola ngakhale ili yamphako. Zimenezi n'zofunika kwambiri pamlatho wokhota ngati umenewu.

Mphamvu yeniyeni ili m'zingwe zachitsulo. Konkire imapirira kupanikizidwa, koma ikakokedwa imang'aluka msanga. Mwina munaonapo mmisiri atanyamula njerwa zisanu pamodzi atazifinya ndi manja mbali zonse ziwiri, yapakati osagwa. Mainjiniya amachita chimodzimodzi: amalowetsa zingwezo m'mapaipi oikidwiratu m'konkire, n'kuzikoka ndi majeke amphamvu konkireyo ikauma, kenako n'kuzimangirira kumapeto, kotero kuti thiraki yanu ikamadutsa imapeza konkire yofinyidwa kale, imene sitsegula ming'alu mwachisawawa. Luso lofinyiratu konkire ndi zingwe zachitsulo linakhazikitsidwa ndi injiniya wa ku France, Eugène Freyssinet, mu 1928.

Za kukhalitsa ndiye pali adani awiri. Woyamba ndi nthawi, chifukwa konkire yofinyidwa imafupika pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, zingwe n'kumakhwefuka. Mlatho wa Koror–Babeldaob m'dziko la Palau, umene unamalizidwa mu 1977, unalendewera pakati kupitirira mita imodzi, ndipo unagwa mu 1996 patangopita miyezi yochepa ataukonza, anthu awiri n'kufa.

Mdani wachiwiri, amene ine ndimamuopa kwambiri chifukwa amagwira ntchito mobisika, ndi madzi. Zingwe zikakokedwa, mapaipi aja amayenera kudzazidwa ndi phala la simenti mpaka osatsala mpata, ndipo pamene phalalo silinafike m'pamene madzi amakhazikika, dzimbiri n'kuyamba kudya waya mmodzimmodzi pomwe kunja konkire ikuoneka yosalala bwinobwino. Ku London, mlatho wa Hammersmith Flyover, wa mu 1961, anautseka mu December 2011 atapeza kuti madzi amchere adya zingwe zake. Mcherewo ndi umene amawaza pamsewu nyengo yachisanu. Kwathu kuno sitiwaza mchere m'misewu, koma mvula ya m'dzinja ikapeza ngalande zotsekeka ndi mchenga, kapena molumikizira mong'ambika, imalowa ndithu.

Choncho yankho langa ndi lakuti inde, mlatho wotere ungatumikire mibadwo ingapo ngati phala linathiridwa mosamala, ngati ukuyenderedwa kawirikawiri, ndiponso ngati madalaivala sakuzemba sikelo, popeza katundu wopyola muyeso amatsegula ming'alu imene madzi amalowerapo. Mphako imene yakudetsani nkhawayo imathandizanso pamenepa, chifukwa mainjiniya amalowamo ndi tochi n'kuyenda m'kati mwa mlathowo, kufunafuna madontho a madzi, mizere yofiirira ya dzimbiri ndi ming'alu pafupi ndi pomwe zingwe zinamangiriridwa.