Kodi bwalo la ndege lochita bwino timalidziwira pati?

Mayi wina amene amagwira ntchito ku Britain wandilembera imelo kufunsa kuti: poti bwalo la ndege la Atlanta ku America limalandira anthu ambiri kuposa onse, kodi ndiye kuti ndilonso logwira ntchito mwaluso kwambiri? Mayi, sizitero ayi, ndipo umboni muli nawo pafupi komweko.

Mu 2019 pabwalo la Hartsfield-Jackson ku Atlanta panadutsa anthu pafupifupi 110 miliyoni, koma ndege zimatera ndi kunyamukira pamisewu isanu. Gatwick, kummwera kwa London, chaka chomwecho idalandira anthu oposa 46 miliyoni pamsewu umodzi wokha, chifukwa wachiwiri umagwira ntchito pokhapokha waukuluwo watsekedwa. Mukagawa, ku Atlanta msewu uliwonse udanyamula anthu 22 miliyoni, osafika theka la a ku Gatwick. Chaka chimenecho, nthawi ya mpanipani, ku Gatwick ndege mpaka 55 zinkatera kapena kunyamuka pa ola limodzi. Mukaima pazenera madzulo, ina ikungochotsa matayala pansi, magetsi a inzake akuoneka kale akutsika.

Choncho poyeza bwalo timayang'ana zimene latulutsa poyerekeza ndi zimene lagwiritsa ntchito: misewu, malo oimikapo ndege, antchito ndi ndalama. Katundu nayenso amawerengedwa. Akatswiri amatenga makilogalamu 100 a katundu ngati munthu mmodzi, apo ayi bwalo la Memphis, ku America, komwe kuli likulu la ndege za kampani yotumiza katundu ya FedEx, lingaoneke ngati laulesi pomwe usiku wonse ndege za katundu zimangosinthana.

Pomwe ambiri amanamizidwa ndi pa chiwerengero cha antchito. Bwalo lina limalemba lokha osesa, alonda ndi onyamula zikwama. Lina ntchito zomwezo lidapereka kwa makampani ena, ndiye m'mabuku mwake antchito amaoneka ochepa, nkumatamandidwa. Anthu ogwira ntchito pabwalopo ndi ochuluka chimodzimodzi, asiyana owalipira. Ine lipoti losafotokoza zimenezi sindilikhulupirira.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Bwalo lodzaza mpaka pakamwa silikhala ndi mpata wopumira zinthu zikasokonekera. Mu Disembala 2018, anthu atanena kuti aona ma drone, tindege touluka popanda munthu mkati, pafupi ndi msewu wa Gatwick, bwalo lidatsekedwa, maulendo pafupifupi 1,000 adasokonekera, ndipo anthu pafupifupi 140,000 adavutika, ena nkugona pansi atatsamira zikwama, Khirisimasi ili pakhomo.

Nchifukwa chake nthawi ya wapaulendo iyenera kulowa m'masamuwa: mphindi zoima pamzere wa chitetezo, kuchedwa kwa ndege, kudikira chikwama palamba. Bungwe la Airports Council International lili ndi kafukufuku wotchedwa Airport Service Quality (ASQ) yemwe amafunsa apaulendo enieni pabwalo pomwepo asanakwere. Mukamawerenga za bwalo lililonse, mayi, funani zotsatira zimenezo pamodzi ndi ndalama zomwe bwalo limawononga pa munthu aliyense.