Musadikire Lachinayi la sikelo, pitani lero

Asisi, tengani buku lanu la kuchipatala ndi kapepala ka sikani kaja, itanani wakabaza, nyamukani lero lomwe. Mwalemba pa Facebook pano kuti muli ndi mimba ya masabata 31, mwana wachepetsa kusewera kuyambira dzulo, ndiye apongozi akuti akugona? Mwana m'mimba amagona mphindi 20 mpaka 40, akatalikitsa ndi ola limodzi ndi theka. Wogona tsiku lonse kulibe. Zoti akakula amasowa malo n'kusiya kusewera nazonso n'zabodza. Kaseweredwe kamasintha, pokankha amayamba kugubuduka ndi kudziwongola, koma sasiya mpaka tsiku lochira. Ndipo inu amene mwalemba m'munsimu kuti amwe Fanta wozizira agone, chonde fufutani. Mwana wofooka amatha kugunda kamodzi, mayi n'kukhazika mtima pansi, tsiku lina n'kutayika.

Mawu akuti "zonse zili bwino" amene anakuuzani pa masabata 20 anali onena za tsiku limenelo basi. Sikani ya nthawi imeneyo imaona mutu, msana, mtima, impso, miyendo, madzi ndi pamene nsengwa yakhala. Siingakuuzeni kuti pakatha masabata 11 nsengwayo idzakhala ikudyetsabe mwana. Nsengwa imatopa. Malungo amaunjikana mmenemo inu osamva ngakhale kutentha thupi, makamaka ngati muli kumunsi kotentha ngati ku Golomoti, Mtakataka kapena ku Bwanje. BP ikakwera kufika 140/90 mitsempha yopita ku nsengwa imapanikizika. Magazi akachepa m'thupi mwanu, mpweya wofika kwa mwana umachepanso. Mwana akamalandira zochepa amasunga mphamvu za ubongo ndi mtima, ndiye choyamba kusiya ndi kusewera. Amachepetsanso kukodza, ndipo popeza madzi a m'nsupa pa msinkhu uwu ambiri ndi mkodzo wake womwewo, madziwo amaphwa. Madzi akaphwa chingwe cha mchombo chimapsinjika mosavuta.

Mukafika musakakhale pa mzere wa odwala wamba. Lunjikani ku mateniti, kumagwira ntchito usana ndi usiku, munene mawu awa: "Mwana sakusewera monga mwa masiku onse kuyambira dzulo." Akuyezeni BP, mkodzo, malungo ndi kuchuluka kwa magazi. Ayeze mimba ndi tepi: pa masabata 31 iyenera kukhala pafupifupi masentimita 31, ikapelewera ndi 3 kapena kuposapo ndiye pali funso. Amvere mtima wa mwana kwa mphindi yathunthu, ugunde pakati pa 110 ndi 160. Pomvera azigwiranso pa mkono panu, chifukwa kamakina komvera mtima kaja kamatha kutola kugunda kwa mtima wa mayi, munthu n'kubwezedwa kunyumba akuti mwana ali bwino. Ngati pa chipatala chanu chaching'ono palibe makina a sikani, pemphani kalata yokutumizani pa boma, kaya ku Dedza kaya ku Ntcheu. Kumeneko woyeza ayang'ane mtima, ayeze mutu, mimba ndi fupa la ntchafu, ayezenso madzi. Thumba la madzi lozama kwambiri likapanda kufika masentimita 2, madzi achepa. Akaona kuti mwana angafunike kutuluka msanga asanakwane masabata 34, pali jakisoni wa dexamethasone wokhwimitsa mapapo, amabaya maulendo 4 motalikirana maola 12. Jakisoniyo amafuna nthawi kuti agwire. Nthawi yake ndi iyi mukuiwonongera pa Facebook.

Wofika tsiku lachitatu zimamuyendera chonchi. Namwino amaika kachitoliro kumanzere, amasuntha, kumanja, pansi pa mchombo, amabwereranso. Amatenga kamakina, kakungolira phokoso la mphepo. Amatuluka osanena kanthu kukaitana mnzake. Mnzakeyo amabwereza zomwezo. Kenako chipinda cha sikani, mafuta ozizira aja pamimba, woyeza amatembenuza pang'ono sikirini, maso ali pamalo amodzi pomwe payenera kuphethira, ndipo sipakuphethira. Funso lake limakhala limodzi: "Mayi, munamumva liti komaliza?" Ndiye mayi ayankhe kuti Lolemba, lero lili Lachinayi. Chowawa koposa n'chakuti sizithera pomwepo. Mayi amapatsidwa mankhwala oyambitsa matenda, amamva ululu wonse wa pochira mu wodi momwe ana a anzake akulira, mwana amatuluka khungu litayamba kusendeka, umboni wakuti anapita kale maola ambiri apitawo. Patatha masiku awiri kapena atatu mawere amadzadza mkaka. Kumudzi amati ndi mtayo, amakaika amayi okhaokha, ndipo mwini wake amauzidwa kuti asalire. Amene ankati "akugona" aja ndi omwewo amayamba kufunsa kuti kodi bambo ake anayenda kuti, kapena anamulodza ndani.

Koma amene amandikwiyitsa zedi ndi awa ogula makina n'kutsegula kachipinda pa tauni. Mphindi ziwiri pamimba, "ndi wamwamuna", perekani ndalama, tulukani. Osalemba masabata, osalemba pamene nsengwa ili, osalemba madzi, osanena ngati mwana ndi mmodzi kapena mapasa. Mayi amatuluka ndi kachithunzi kakuda kokaika pa WhatsApp, n'kumaona ngati wagula chitetezo cha miyezi 9, mwina mpaka kujomba ku sikelo. Tayang'anani kapepala kanuko pompano. Ngati sipanalembedwe masabata, tsiku loyembekezera kuchira, mtima, madzi ndi malo a nsengwa, munalipira chithunzi chabe. Ngati analemba kuti nsengwa ili m'munsi, anayenera kukuuzani kuti mudzabwerenso cha pa masabata 32. Nthawi zambiri imakwera yokha chiberekero chikamakula, koma ikakhalabe pa khomo imatulutsa magazi ofiira opanda ululu, ndipo pamenepo munthu aliyense asapise zala kukuyezani njira asanaone pa sikani.

Enanu amene mukuwerenga, sindikuti musamajambulitse. Jambulitsani, ndipo msanga, ngakhale kolipira komweko ngati pa boma pali mzere kapena magetsi azima, bola woyezayo alembe zonse. Bungwe la WHO kuyambira 2016 limati mayi aliyense aunikidwe kamodzi asanakwane masabata 24, ndipo akumane ndi azaumoyo maulendo 8. Sikani ya miyezi itatu yoyamba imaphonya tsiku lochira ndi sabata imodzi yokha, ya kumapeto imatha kuphonya ndi masabata 3, ndiye musalole kuti ya mwezi wa 8 isinthe deti imene yoyambirira inapereka. Pa yoyambirirayo imwani makapu awiri kapena atatu a madzi ola limodzi musanalowe, osakodza. Kulemera kwa mwana kumene makina amanena kumathanso kuphonya ndi theka la kilo, musachite nako mantha. Fansida woteteza ku malungo imwani mapiritsi onse 3 mwezi ndi mwezi kuyambira masabata 13, a magazi aja musataye kuseri kwa nyumba ati amanunkha. Ndipo musamakhalire kuwerenga kugunda ola lililonse mpaka kudwala nazo mutu. Kuyambira masabata 28, mukakayika gonerani kumanzere pamalo a phee, mumve maulendo 10 m'maola 2.

Inu asisi kuwerengako kwakupitani, dzulo ndi kale. Ambiri opita ndi dandaulo ili amapezeka mwana ali bwino, amabwerera atangotaya ya transipoti, mwina ndi kukalipiridwa pang'ono. Akakubwezani ndiye mawa n'kuchepetsanso, mupitenso. Tengani chitenje chapadera ndi munthu wokudikirirani, angathe kukugonekani. Mukatuluka mu sikani mutilembere pano.