Mmene ndalama zamapepala zinayambira ku China ndi chifukwa chake anazisiya

Mwafunsa ngati n'zoona kuti ndalama zamapepala zinayambira ku China, ndiponso chifukwa chimene anthu omwewo anadzabwerera ku siliva kwa zaka mazanamazana pambuyo pake. N'zoona ndithu, ndipo mbali yachiwiri ya funso lanu ndi imene ine imandikhudza kwambiri, chifukwa yankho lake lagona pa mmene olamulira anasewerera ndi chikhulupiriro cha anthu wamba.

Poyambirira penipeni, mu ufumu wa Shang, chuma chinkawerengedwa ndi tizigoba ta nkhono za m'nyanja. M'manda a mfumukazi Fu Hao, amene anafukulidwa ku Anyang mu 1976, munapezeka tizigoba totere pafupifupi 7,000, ndipo mpaka lero chithunzi cha kachigobako chidakali m'malembo akale a Chitchaina otanthauza kugula, kugulitsa ndi chuma. Kenaka kunabwera ndalama zamkuwa zosulidwa ngati timakasu ndi timipeni, dera lililonse ndi mtundu wake, kufikira pamene mfumu Qin Shi Huang inagwirizanitsa dzikolo mu 221 B.C. n'kukhazikitsa kobiri lozungulira lokhala ndi bowo la ngodya zinayi pakati. Bowolo linali ndi ntchito: anthu ankatunga makobiri pa chingwe monga timatungira mikanda, ndipo chingwe cha makobiri 1,000 chinadzakhala muyeso wowerengera ndalama zambiri. Maonekedwe amenewa anakhalapo kwa zaka zoposa 2,000.

Vuto la makobiri ndi kulemera, ndipo palibe kumene linavuta kuposa m'chigawo cha Sichuan mu ufumu wa Song. Kumeneko ankagwiritsa ntchito makobiri achitsulo, osati amkuwa, ndipo poti chitsulo n'chotsika mtengo, munthu wofuna kugula mpukutu umodzi wa nsalu ya silika ankafunika kusenza katundu wa ndalama wolemera kwambiri kuposa nsaluyo. Taganizirani wamalonda akutsika m'njira za m'mapiri ndi antchito osenza zingwe zachitsulo pamapewa, thukuta lili kamukamu, chonsecho angokagula katundu wokwana m'thumba limodzi. Amalonda a mumzinda wa Chengdu anapeza nzeru: munthu ankasiya makobiri ake kunyumba yamalonda yodalirika, n'kupatsidwa kapepala kodindidwa kosonyeza kuchuluka kwa zimene wasungitsa. Kapepalako kankatchedwa jiaozi, ndipo pokatenga makobiri ake munthu ankalipira 30 pa chingwe chilichonse. Posakhalitsa anthu anaona kuti palibe chifukwa chobwerera kukasenza chitsulo ngati wogulitsa akulandira kapepala komweko. Apa ndi pamene pepala linasanduka ndalama, ndipo anayambitsa zimenezi anali amalonda, osati mfumu.

Ntchitoyi inali m'manja mwa mabanja 16 olemera, koma ena mwa iwo atalephera kubweza makobiri a eni ake, milandu inachuluka, ndipo mu 1023 boma linakhazikitsa ofesi yake n'kuyamba kutulutsa mapepalawa mu 1024. Chimene ndimachita nacho chidwi ndi kusamala kwa oyambawo. Anaika malire a mapepala pa zingwe pafupifupi 1,250,000, anasunga makobiri enieni okwana zingwe 360,000 kuti wofuna kusintha asabwezedwe chimanjamanja, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mapepala akale ankasinthidwa ndi atsopano. Malire amenewa atayamba kuphwanyidwa chifukwa cha nkhondo za kumalire a kumpoto, mphamvu ya jiaozi inayamba kugwa.

Nkhani yomweyi inabwerezedwa kangapo. Kublai Khan, mfumu ya a Mongol, anatulutsa ndalama zake zamapepala mu 1260, ndipo mu ufumu wake wa Yuan pepala linakhala ndalama yaikulu ya dziko lonse. Marco Polo, mlendo wochokera ku Ulaya, anadabwa kuona mapepala opangidwa kuchokera ku makungwa a mtengo wa mabulosi akugula katundu ngati golide. Koma pofika m'ma 1350, boma likulimbana ndi zigawenga komanso kusefukira kwa mtsinje wa Huang He, linasindikiza mopanda muyeso mpaka anthu anayamba kukana mapepalawo.

Ufumu wa Ming unayesanso mu 1375. Pepala lawo la chingwe chimodzi linali lalikulu kuposa tsamba la kope la kusukulu, lotuwa, pakati pake pali chithunzi cha mipukutu 10 ya makobiri kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga azindikire mtengo wake. M'munsi munalembedwa kuti wopanga lachinyengo adzadulidwa mutu, ndipo womuulula adzalandira siliva wokwana ma liang 250 (liang unali muyeso wa kulemera kwa siliva) pamodzi ndi katundu wa wolakwayo. Onani pamenepa: boma linkateteza pepala lake ndi chilango cha imfa, koma mphotho yake linalonjeza m'siliva. Mapepalawa sankasinthika ndi chitsulo chilichonse, ndipo boma linkawatulutsa ochuluka kuposa amene linkalandiranso pa msonkho, choncho pofika pakati pa zaka za m'ma 1400 anali atatha ntchito m'misika. Ine sindiona kuti anthu analakwa powakana. Mlimi amene wagulitsa mpunga wake wa chaka chonse n'kupeza kuti pepala limene walandira silingamugulirenso mbewu, ali ndi ufulu wofunafuna chinthu chimene mfumu singachichulukitse ndi chidindo.

Chinthucho chinali siliva, ndipo sankamuwerenga koma kumuyeza. Ankamusungunula m'zibuma zooneka ngati kabwato, ndipo muyeso wake unali liang, womwe unali pafupifupi magalamu 37 ngakhale unkasiyanako malinga ndi dera. Wogulitsa m'sitolo ankakhala ndi kasikelo kakang'ono ndi chodulira, n'kumabenthula kachidutswa ka siliva, kukayeza, ndi kuyang'anitsitsa mtundu wake kuti aone ngati sanasakanize ndi mtovu. Cha m'ma 1580, nduna Zhang Juzheng inafalitsa dongosolo lakuti misonkho yambiri iphatikizidwe n'kulipiridwa m'siliva, ndipo njala ya siliva ya China inakoka chuma cha migodi ya Japan ndi cha phiri la Potosí ku South America, chimene zombo za Spain zinkatula ku Manila, ku Philippines. Ndalama zasiliva zozungulira zochokera ku Mexico zinazolowereka kwambiri m'madoko, ndipo dzina lakuti yuan, lotanthauza chozungulira, linachokera ku ndalama za mtundu umenewu.

Boma la chipani cha Kuomintang linasiya siliva mu 1935, dziko la America litayamba kugula siliva wambiri n'kuchititsa kuti atuluke m'China, ndipo linatulutsa ndalama yamapepala yotchedwa fabi. Nkhondo ndi Japan komanso nkhondo yapachiweniweni zinabwezeretsa matenda akale aja. Mu Ogasiti 1948 anabweretsa ndalama yatsopano, imodzi yosinthidwa ndi ma fabi 3,000,000, n'kulamula anthu kuti apereke golide ndi siliva wawo ku boma. Amene anamvera lamuloli ndi amene anapweteka kwambiri, chifukwa chaka chisanathe ndalama yatsopanoyo inali itasanduka mapepala wamba.

Ndalama ya lero inayamba pa 1 Disembala 1948, pamene banki ya People's Bank of China inakhazikitsidwa ku Shijiazhuang ndi chipani cha Chikomyunizimu, chimene chinkamenyana ndi Kuomintang pa nkhondo yapachiweniweni ija, ndipo mu 1955 anasintha ma yuan akale 10,000 kukhala imodzi yatsopano. Kwa abale athu amene mumakaoda katundu ku Guangzhou ndi ku Yiwu n'kumasokonezeka ndi mayina: renminbi ndi dzina la ndalamayo, kutanthauza ndalama ya anthu, pamene yuan ndi muyeso wowerengera. Pamsika, wogulitsa amakuonetsani kachizindikiro kolipirira ndi foni kudzera pa Alipay kapena WeChat Pay, koma potchula mtengo amanena kuti kuai, liwu lotanthauza chidutswa kapena chibuma.