Denga Lathyathyathya Linachokera Kuti?

FUNSO: Bambo, ine ndine mdzukulu wa matchona. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza kubwera kuno ku Halale ali mnyamata. Ndimachita lendi mufulati yakale ku Avenues. Nyumbayo ndi yokongola, mawindo ake ataliatali, koma denga lili ngati thebulo, ndipo mvula ikangoyamba mu Novembala mabeseni amadzaza pabalaza. Ndikapita kwa azakhali ku Mbare ndimaona kuti mahositelo a Matapi nawonso ndi mabokosi a konkire. Kodi anayambitsa mamangidwe amenewa ndani, ndipo ankaganiza chiyani?
Mayi wa ana awiri, Avenues

YANKHO: Pepani ndi mabeseniwo, Mayi. Koma musadandaule kwambiri, muli pagulu la anthu olemera. Nyumba yotchuka kwambiri ya mtundu umenewu, Villa Savoye ya ku Poissy kufupi ndi Paris, yomwe wolemba mapulani wotchuka Le Corbusier anaimaliza mu 1931, inkadontha moti mayi wa panyumbapo anatopa nako kumulembera makalata odandaula. Ine ndamanga nyumba zaka 30 mumzinda uno, ndipo nkhaniyi imandiseketsabe.

Chiyambi chake sichinali choseketsa. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu 1918, mizinda ya ku Germany inalibe nyumba zokwanira. Mabanja ankathinana m'zipinda zamdima ndi zachinyontho, chifuwa chachikulu n'kumawasesa. Olemba mapulani achinyamata anati munthu wosauka nayenso ayenera kuona dzuwa m'nyumba mwake. Anasiya zokongoletsa makoma, n'kutenga konkire ya zitsulo m'kati, yomwe imalola kuti nsanamira zinyamule nyumba m'malo mwa khoma. Khoma likapanda katundu, windo mukhoza kulitalikitsa mmene mungafunire. Ndiwo mawindo anu aja. Denga analigoneka chifukwa ankati malo a pansi pa denga losongoka amangowonongeka, pomwe lathyathyathya mukhoza kuyanikapo zovala kapena kudzalapo maluwa.

Mu 1927 anamanga mudzi wachionetsero wa Weissenhof ku Stuttgart, motsogozedwa ndi Mies van der Rohe. Odana nawo ankaunyoza kuti ndi mudzi wa Aluya. Inde, anthu ankakangana za denga ngati za chipani.

Koma ine munthu amene ndimamuvulira chipewa ndi mayi wa ku Vienna, Margarete Schütte-Lihotzky. Pakati pa 1925 ndi 1930, Ernst May anamanga nyumba zoposa 10,000 za anthu wamba mumzinda wa Frankfurt, ndipo mayiyu ndiye anakonza khitchini yake mu 1926. Anayeza ndi wotchi nthawi imene munthu amataya pochoka pasinki kupita pambaula, anaonera makhitchini opanikiza a m'sitima zapamtunda, n'kutulukira kachipinda ka mamita 1.9 m'lifupi ndi 3.4 m'litali. Munali timadilowa ta aluminiyamu tolembedwa kuti umu shuga, umu mpunga, ndi thabwa lositira lopindikira kukhoma. Kachipinda kochepa, eya, moti mphika wa nsima ya pamaliro sungatembenukemo. Koma banja lililonse linali ndi kake, ndi chitseko chake. Makabati omata kukhoma amene mukuwaona m'makhitchini a ku Avenues ndi zidzukulu za kachipinda kameneka.

Chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933, sukulu ya zaluso ndi zomangamanga ya Bauhaus inatsekedwa ndipo amisiri ambiri anabalalika. Ernst May anafika kum'mawa kwa Africa mu 1934, ndipo pambuyo pake anamanga Delamere Flats ku Nairobi. Ku Johannesburg, Rex Martienssen ndi anzake anali atayamba kale kumanga nyumba zoyera zamadenga ogona. Kuno ku Salisbury, dzina lakale la Halale, mafulati otere anachuluka ndalama zitasefukira m'nthawi ya chitaganya, 1953 mpaka 1963.

Tsono za Matapi. Mwaona bwino, Mayi: konkire ndi yomweyo, mizere ya mawindo ndi yomweyo, masitepe ndi omwewo. Chimene anachotsamo ndi banja. Lamulo la 1946 lokhudza malo ogona a anthu akuda m'matauni linkaona wantchito ngati mlendo wodzapita kwawo, ndipo mahositelo a ku Harari, dzina lakale la Mbare, anamangidwira amuna okhaokha. Chipinda chimodzi amuna angapo, chimbudzi ndi bafa za gulu, pophikira pa gulu. Ku Frankfurt anayamba ndi funso lakuti mayi aphikira pati. Kuno sanalifunse n'komwe, chifukwa mayiyo ankayenera kutsala ku Dedza kapena ku Ntcheu akudikira kalata ndi bulangete. Malemu bambo anga anagonamo. Ankati chuma chawo chonse chinali musutikesi pansi pa bedi, ndipo kiyi wake ankagona naye m'khosi. Lero m'zipinda zomwezo mukukhala mabanja athunthu, malire ake nsalu kapena makatoni, ndiye mapaipi omwe anayezedwera amuna ochepa angapirire bwanji? Ndikamva wina akunena kuti anthu a m'mahositelo ndi osasamala, ndimamufunsa ngati anawerengapo mipopi.

Tibwerere ku mabeseni. Denga lathyathyathya lomangidwa bwino silikhala lathyathyathya kwenikweni. Limapendekera pang'ono kuti madzi athamangire kupaipi. Kwanuko mitengo ya jakaranda imayoyola maluwa mu Okutobala, ndipo amakatseka pakamwa pa paipiyo mvula ili pafupi. Madzi akaima, amafunafuna pomwe phula lang'ambika ndi dzuwa, makamaka m'mphepete momwe denga likumana ndi kakhoma. Uzani eni nyumba atume munthu akasese, athire ndowa ya madzi aone komwe akulowera, kenaka amate phula latsopano lokwera kakhomako pang'ono. Ntchito imeneyi ndi ya mu Ogasiti kapena Seputembala, konkire ili youma. Chaka chino tachedwa kale, choncho yambani ndi tsache.