Zigawenga zafa, asilikali amwalira

Funso: Ndine mtolankhani wongoyamba kumene. Ndinalemba kuti "zigawenga zisanu zafa ndipo asilikali awiri amwalira." Mkonzi sanasinthepo kanthu, koma mtima wanga sunakhale m'malo. Kodi ndinalakwitsa?

Yankho: Pa galamala simunalakwitse, koma mtima wanuwo sukunama. Dzina loti chigawenga lili m'gulu la mayina a chi- ndi zi-, limodzi ndi chitseko, chingwe ndi chilombo. N'chifukwa chake timati zisanu, zafa, izo. Msilikali ali m'gulu la anthu: awiri, amwalira, iwo. Si kuti chi- aliyense ndi wonyoza ayi, pajatu chiphadzuwa nachonso chili momwemo. Koma muonjezepo mneni uja. Kufa imafa ndi nkhuku yomwe, pamene kumwalira n'kwa munthu amene ali ndi abale omulira. Mitembo yagona pamalo amodzi, inu mwapereka ulemu kwa iwiri yokha.

Sindikuti mawu oti chigawenga tiwataye. Wotchera bomba pakati pa anthu mwadala ndi chigawenga basi. Koma polemba mawuwa mumakhala mwagamula kale mlandu, ndipo maboma amakonda kutchula adani awo choncho. Dzina la Nelson Mandela linachotsedwa pa mndandanda wa zigawenga wa dziko la America mu 2008, patatha zaka 15 chilandirireni mphotho ya mtendere ya Nobel. Choncho tchulani gululo ndi dzina lake, kapena nenani kuti "gulu loukira boma." Ngati ndi boma lawatchula kuti zigawenga, lembani kuti latero ndi boma. Ndipo onse asanu ndi awiri mwalemba aja sanamwalire ndi malungo: aphedwa. Mukadziwa amene wawapha, mutchuleni, chifukwa kachidutswa ka -edwa kamabisa mwini mfuti.

Funso: Kodi msilikali wogwidwa ndi adani timutche mkaidi?

Yankho: Ambiri amati "mkaidi wa pankhondo," ndipo zimamveka. Ine sindiwakonda kwenikweni. Mkaidi m'makutu athu ndi munthu amene khothi linamupeza wolakwa. Msilikali amene waponya mfuti pansi n'kukweza manja sanapalamule pongomenya nawo nkhondo. Pangano lachitatu la ku Geneva la 1949, limene mayiko anagwirizana pa za kasungidwe ka asilikali ogwidwa, limati iye ayenera kungonena dzina, udindo wake, tsiku lobadwa ndi nambala yake, osakakamizidwa kuulula zina, ndipo kumenyana kukatha amasulidwe n'kubwerera kwawo. Amasungidwa kuti asabwerere kukamenya nkhondo, osati kuti alangidwe. "Wogwidwa pankhondo" ndi mawu amene sam'senzetsa mlandu. Akapezeka kuti anapha ana kapena kugwiririra amayi, imeneyo ndi nkhani ina: aimbidwe mlandu, ukam'gwera akhale mkaidi weniweni.

Funso: Anthu amene si asilikali, ena amalemba "anthu wamba," ena "anthu osalakwa." Cholondola n'chiti? Nanga bwanji sitinena kuti "anthu amba"?

Yankho: Wamba sasintha: munthu wamba, anthu wamba, zovala wamba. Lilime linangozolowera choncho.

Pa ziwirizo, nditenga "anthu wamba." "Osalakwa" amakoma m'kamwa ndipo amadzutsa chisoni, koma ali ndi mbuna. Tiyerekeze kuti m'nyumba imene yaphulitsidwa munali bambo wa katangale, wochemerera nkhondoyo pakamwa, koma wosagwirapo mfuti. Kodi iyeyu ndi wosalakwa? Mwina ayi. Kodi kunali koyenera kumuombera? Ayinso. Malamulo a nkhondo amateteza munthu chifukwa sakumenya nawo nkhondo, osati chifukwa ndi wa mtima wabwino. Mukazolowera "osalakwa," wina adzabwera n'kunena kuti a m'mudzi uwo onse ndi olakwa, ndiye mudzamuyankha chiyani?

Samalaninso ndi "aphedwa mwangozi." Ngozi ndi chinthu chimene palibe anachiyembekezera. Mkulu wa asilikali amene akudziwa kuti pafupi ndi nkhokwe ya zida pali sukulu, n'kulamula kuti aponye bomba, sangati ana aja anafa pangozi ngati ya galimoto. Kaya malamulo amulola kapena ayi, azikatsutsana odziwa malamulo. Inu lembani zimene zaoneka: ndege za dziko lakutilakuti zaponya mabomba, ndipo ana akutiakuti aphedwa.