Khadi langa n'la ku Cape Maclear: kodi ndingakaone manta ku Mozambique?

Kalata ya lero yachokera kwa achimwene ena a pa boma la Dedza. Taifupikitsa motere: "Ndinaphunzira kudaiva ku Cape Maclear zaka ziwiri zapitazo ndipo ndili ndi khadi la Open Water. Ndabira maulendo 9 okha, onse m'nyanja yathu ino. Ndamva kuti ku Mozambique kuli maboti otenga anthu a makhadi kukaona nsomba zikuluzikulu zija amati manta. Kodi khadi langali likukwanira? Ndipite kuti, liti, ndipo ndikonzeke bwanji?"

Zikomo achimwene. Khadi lanulo akalilandira kulikonse, ngakhale munalitengera m'madzi opanda mchere. Vuto lake n'lakuti limakulolani kufika mamita 18 basi, pamene malo otchuka a manta ku Tofo, m'chigawo cha Inhambane, ali pansi kuposa pamenepo. Malo otchedwa Manta Reef amadutsa mamita 20, ndipo Giant's Castle ili cha m'ma 30. Kampani yosamala sikakutengerani kumeneko ndi Open Water yokha. Ikavomera osakufunsani kanthu, imeneyo ndiye muithawe.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuchita maphunziro a Advanced Open Water, omwe amatenga masiku awiri, kubira kasanu, ndipo amakufikitsani pa mamita 30. Mutha kuchitira konkuno, ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay, ndipo ife tikanakonda mutero. Mukaphunzirira kuya m'madzi amene mumawadziwa kale, ku Tofo mukangotsala ndi ntchito yozolowera nyanja ya mchere, m'malo molimbana ndi zachilendo ziwiri nthawi imodzi. Njira yachiwiri ndi Závora, kumwera kwa Tofo, komwe kuli malo otchedwa Red Sands, akuya mamita 12 mpaka 18. Manta zimachuluka kumeneko kuyambira cha mu July mpaka November, ndipo khadi lanu likukwanira pamenepo.

Manta imaoneka ngati chimbalame chouluka m'madzi. Ku Inhambane kuli mitundu iwiri: ya m'matanthwe, yomwe kawirikawiri imakhala mamita 3 mpaka 4 kuchoka kunsonga ya phiko lina kufika lina, ndi ya m'nyanja yakuya, yomwe imatha kufika mamita 7, kuposa kutalika kwa minibasi. Kuti imeneyi ndi mitundu iwiri yosiyana zinatsimikizika mu 2009 kudzera mu kafukufuku wa Andrea Marshall, amene anagwira ntchito yake ku Tofo komweko. Manta ilibe mbola yobayira munthu ndipo siluma. Imasambira kukamwa kuli yasa, n'kumasefa tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi.

Chimene chimachititsa kuti boti lidziwe kokazipeza ndi ichi. Pa matanthwe ena pamakhala tinsomba tating'ono todya tizilombo ndi khungu lakufa pathupi la nsomba zazikulu. Manta imabwera pamalo oterowo kudzayeretsedwa, imazungulira pang'onopang'ono pamwamba pa thanthwe, tinsombato n'kumalowa mpaka m'kamwa ndi m'timipata take topumira. Otsogolera amadziwa matanthwe amenewa ndipo amakufikitsani pambali pake. Koma tinene mosabisa: manta zachepa kwambiri ku Tofo poyerekeza ndi zaka za m'ma 2000, makamaka chifukwa chophedwa ndi kukodwa m'maukonde. Yaikazi imatenga bere pafupifupi chaka chathunthu, n'kubereka mwana mmodzi, kenako n'kupuma zaka zingapo, choncho zikatha sizibwerera msanga. Kuyambira mu 2021 lamulo la Mozambique limaletsa kuzipha. Wokulonjezani kuti mukaiona ndithu pa tsiku lakuti akungofuna ndalama zanu. Konzani masiku anayi kapena asanu obira, osati limodzi.

Tsopano tifike pa kusiyana kwa madzi, chifukwa apa ndi pomwe anthu ochokera kunyanja yathu amavutikira.

Madzi amchere amakuyandamitsani kwambiri. Amalemera kuposa athu ndi magawo awiri ndi theka pa 100 alionse, ndiye ngati inuyo pamodzi ndi zida zonse mukukwana makilogalamu 90, mukafunika kuwonjezera mtovu wa makilogalamu 2 kapena kuposerapo pang'ono pa lamba wanu. Komanso kumeneko ambiri amavala wetsuit, suti ya mphira yoteteza kuzizira, ya mamilimita 5, chifukwa pansi madzi amatha kuzizira mwadzidzidzi, ndipo suti yochindikala imafunanso mtovu wina. Musangoyerekeza. Tsiku loyamba pemphani kubira pamalo osaya kuti muyese: BCD (jekete yopopa ija yokuyandamitsani) yopanda mpweya, mwapuma mwachizolowezi n'kugwira mpweyawo, madzi azikulekezani m'maso, mukautulutsa muziyamba kumira pang'onopang'ono. Mtovu ukachepa simumva vuto poyamba. Limadza kumapeto, thanki itapepuka, pamene mukufunika kuima pa mamita 5 koma thupi likungokwera lokha. Ukachuluka mumangopopa ndi kuphwetsa BCD, kupalasa mwamphamvu, mpweya n'kutha msanga.

Kukwera boti nako n'kosiyana ndi kwa ku Chembe ku Cape Maclear, komwe mumaponda mchenga n'kulowa mwaulemu. Ku Tofo boti lake ndi lija la mphira wopopa m'mbali, ndipo limanyamukira pagombe pomwe mafunde amasweka. Nonse mumagwira zingwe za m'mbali n'kulikankhira m'madzi mpaka akulekezeni m'chiuno kapena pachifuwa, woyendetsa akakuwa mumadzikokera m'kati, kukhala pamphirapo, kulowetsa mapazi m'malamba a pansi ndi kugwiritsa chingwe. Boti limadikira mpata pakati pa mafunde kenako limathamanga molumphalumpha. Pobwera limakwera pamchenga ndi liwiro n'kuima mwadzidzidzi, ndiye musamasule mapazi mpaka atakuuzani. Ngati muli ndi vuto la msana, nenani musanalipire.

Amene munakwerapo boti nthawi ya mwera mukudziwa nseru yake. Kumeneko mafunde aatali aja amakhalapo ngakhale kunja kuli bata. Idyani pang'ono m'mawa, zopanda mafuta, ndipo muziyang'ana kutali kumene madzi akumana ndi thambo, osati pa zida zanu. Mankhwala a nseru ayeseni kaye muli kumtunda, chifukwa ena amagonetsa, ndipo tulo pa mamita 28 n'zoopsa. Zikavuta muli pansi, sanzirani mu regulator, chopumira cha pakamwa chija, momwemo osaichotsa pakamwa, kenako dinani batani lake kuti itsuke. Ukangosanza thupi limakoka mpweya lokha, ndipo pakamwa pakakhala popanda regulator limakoka madzi.

Pofika pamalopo, woyendetsa amawerenga mpaka katatu ndipo nonse mumagwera chagada nthawi imodzi. Madzi akakhala kuti akukoka, amakuuzani kuti mulowe BCD ili yophwetsa n'kutsika nthawi yomweyo, motsata chingwe chimene wotsogolera wagwira. Wochedwa pamwamba kukonza magalasi kwa mphindi imodzi amapezeka watengedwa, thanthwe lili kumbuyo. Apa ndi pomwe makutu amavulala, chifukwa munthu amaopa kutsalira n'kumakakamira kutsika khutu likupweteka. Yambani kutsegula makutu mutu usanamire n'komwe, ndipo bwerezani pa mita iliyonse. Likakana, gwirani chingwe, kwerani pang'ono, yesaninso modekha. Likakanabe, perekani chizindikiro n'kubwerera ku boti. Ndi chimfine musabire n'komwe.

Za mpweya tiwerengere limodzi. Thanki ya malita 12 yodzazidwa pa 200 bar (muyeso wa kupanikizika kwa mpweya) ili ndi malita 2,400. Mukachotsapo 50 bar (malita 600) yomwe muyenera kutuluka nayo, mwatsala ndi malita 1,800. Munthu wopuma malita 20 pa mphindi ali kumtunda amapuma 40 pa mamita 10, pomwe mumaonera mbuna paja, ndipo thankiyo imamutengera mphindi 45. Pa mamita 30 amapuma 80, ndipo imatha m'mphindi 22, tisanawerengere za kukwera. Onjezanipo mantha, kuzizira ndi kupalasa molimbana ndi madzi. Ndiye geji ya mpweya muziyang'ana pafupipafupi kuposa mmene munazolowerera, ndipo mukafika pa 100 bar muuzeni wotsogolera. Anthu ambiri amaiwala geji pa nthawi imene manta yatulukira.

Malire ena ndi a nayitrojeni wolowa m'thupi. Pa tebulo la PADI, bungwe lophunzitsa odaiva, mamita 18 amakupatsani mphindi 56 zokhala pansi, koma mamita 30 amakupatsani 20 zokha. N'chifukwa chake kompyuta ya pamkono yowerengera kuya ndi nthawi kumeneko ndi yofunika. Ngati mulibe, bwerekani ndipo akuonetseni kawerengedwe kake muli kumtunda. Maphunziro a nitrox, mpweya woonjezeredwa oxygen, amathandiza pa kuya kotereku, chifukwa mpweya wa 32 peresenti oxygen umatalikitsa nthawi, koma uli ndi malire ake a mamita pafupifupi 33 omwe simuyenera kudutsa. Dziwaninso kuti cha m'ma 30 mutu umatha kuchita ngati mwalawa kachasu: kuganiza mochedwa, kuseka zopanda pake, kuyang'ana geji osamvetsa. Mukakwera mamita ochepa zimatha.

Manta ikabwera, kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani m'munsi, pambali pa thanthwe, osati pamwamba pake, chifukwa mukakhala pamalo oyeretserapo tinsomba tija timabalalika ndipo manta imachoka. Siyani mpata wa mamita 3 kapena kuposa. Musaithamangire, ikangokupiza phiko kamodzi yapita, ndipo mwawonongera gulu lonse. Mukakhala phee nthawi zambiri imabwera yokha, kudutsa pamutu panu mpaka kuwala kuchita kutsekeka, diso lake lili pa inu. Ikakhala pamwamba panu tulutsani mpweya pang'onopang'ono kuti thovu lisaiwombe pamimba, koma osaugwira. Musaikhudze: khungu lake lili ndi zoterera ngati za mlamba, zomwe zimaiteteza ku matenda, ndipo dzanja limazichotsa. Ngati muli ndi kamera jambulani kumimba. Madontho a pamenepo ndi osiyana pa manta iliyonse ngati zidindo za zala, ndipo a Marine Megafauna Foundation, omwe ali ku Tofo komweko, amagwiritsa ntchito zithunzi zotere pozindikira ndi kuwerenga manta.

Pokwera musapitirire mamita 9 kapena 10 pa mphindi, ndipo imani mphindi 3 pa mamita 5. Mukhale ndi SMB yanu, kathumba kofiira kopopa kaja, chifukwa pakati pa mafunde mutu wa munthu suoneka patali. Mukasochera pansi, funafunani anzanu mphindi imodzi yokha, kenako kwerani mwadongosolo.

Safunsa anadya phula. Musanatumize ndalama funsani kampaniyo ngati m'boti mumakhala oxygen ndi wailesi, kuti wotsogolera mmodzi amayang'anira anthu angati, komanso kuti munthu akadwala matenda a kubira, obwera ndi thovu la nayitrojeni m'thupi, amamutengera kuti. Gulani inshuwalansi ya odaiva, monga ya DAN (Divers Alert Network, bungwe lothandiza odaiva pa ngozi), yolipira ndege yokufikitsani ku South Africa, chifukwa inshuwalansi wamba nthawi zambiri siikhudza zimenezi. Pa mankhwala oteteza malungo auzeni adokotala kuti mukukadaiva. Mefloquine ambiri amaipewa chifukwa imatha kubweretsa chizungulire chofanana ndi zizindikiro za matenda a kubira.

Za ulendo sitichulukitsa. Pamsewu mutulukira pa chipata cha Dedza kulowa Calomué, kapena pa Biriwiri ku Ntcheu, kenako Ulongwe, Tete, Chimoio, Inchope, n'kutsika ndi msewu wa EN1 mpaka Maxixe. Pamenepo muwoloka pa boti kupita ku Inhambane, ndipo Tofo ili makilomita oposa 20 pang'ono kuchokera apo. Ndi ulendo wa makilomita oposa 1,000, masiku awiri osachepera. Pewani January mpaka March, nyengo ya anamondwe. Freddy uja asanatipeze kuno mu March 2023 anali atayamba wagunda chigawo cha Inhambane mu February. Kuyambira July mpaka October mukapezanso anangumi akudutsa, ndipo nthawi zina kulira kwawo kumamveka muli pansi.

Chotsala chikukhudza inuyo makamaka, chifukwa cha kumene mumakhala. Mukatuluka m'madzi nayitrojeni amakhala akadali m'thupi, ndipo mukakwera pamalo okwera msanga amatha kupanga thovu m'magazi ndi m'mfundo. N'chifukwa chake amati musakwere ndege pasanathe maola 12 mutabira kamodzi, kapena maola 18 mutabira kangapo. Ambiri amangodikira 24. Phiri limachita zomwezo. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600. Kuchokera ku Tofo pamsewu maolawo amatha muli m'njira. Choopsa chili pa maphunziro a Advanced aja: kubira mamita 30 m'mawa ku Cape Maclear, masana n'kukwera galimoto kudzera ku Golomoti, kukwera Khwekhwelere, n'kukagona ku Dedza. Mwakwera mamita oposa 1,000 m'maola ochepa. Gonani kunyanja usiku umenewo, imwani madzi ambiri, mowa ayi, mudzanyamuke mawa lake. Ndipo ngati mutafika kunyumba mwayamba kumva kupweteka m'mapewa kapena m'zigongono, dzanzi m'manja kapena m'miyendo, chizungulire, kapena kutopa kosadziwika bwino, musati ndi malungo kapena kutopa kwa ulendo. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, auzeni kuti munabira dzulo ndi kuya kwake, pemphani oxygen, ndipo wina aimbire foni a DAN pa nambala yangozi yomwe ili pa khadi lanu la inshuwalansi.